Thandizeni pa ser ndi estar mu Chipwitikizi

Moni nonse pagulu pano. Ndikuphunzira Chipwitikizi chifukwa cha geni, ndimakaoda katundu ku Tete kudzera pa Zobue, koma ser ndi estar, aneni awiri ofanana ndi "ndi" ndi "-li" a m'Chichewa, zandizunguza mutu.

Mnzanga wina wa ku Angonia anati ndizifanizira ndi Chichewa chathu, ser ngati "ndine Mmalawi", estar ngati "ndili ku Tete". Zinathandizadi pa sou malawiano ndi estou em Tete. Ena akuti ser ndi zokhalitsa, estar ndi zosakhalitsa, chabwino, nanga bwanji womwalira amati está morto, imfa imatha ngati? Ndiye phwando akuti a festa é em casa (phwando lili kunyumba, é wochokera ku ser), pomwe ndi malo, ine ndimayembekeza está wa estar.

Ndayesa ka app ka pa foni koma kamaphunzitsa cha ku Brazil, estou fazendo (ndikuchita), pamene ku Tete ndimamva estou a fazer. Mavidiyo a pa YouTube akungondidyera bando, amafotokoza mu Chingerezi chothamanga.

Amene munaphunzira ku Mozambique kapena kukhalako, pali lamulo lenileni pa ziwirizi kapena ndi zongoloweza basi? Komanso sou casado ndi estou casado (ndine wokwatira) zikusiyana pati?