Mahedi a Cleveland pa buloko ya Windsor, alipo anayesapo?

Akuluakulu a zamagalimoto, ndithandizeni nzeru. Pagalaja yomwe ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg kwabwera Ford Mustang ya 1970 ya injini ya 351 Windsor, ndipo hedi imodzi (chitsulo chotseka pamwamba pa masilinda, momwe muli mavavu) inang'aluka. Mwini wake wabwera ndi mahedi awiri a 351 Cleveland, injini inanso ya Ford, akuti anawachotsa m'Fairmont GT yakale, ndiye akufuna tingowamanga basi.

Onse ndi 351 inde, koma si injini imodzi. Windsor ili ndi mabawuti 6 pa chivundikiro cha mavavu, Cleveland 8, ndipo mavavu a Cleveland ndi opendekera. Mabowo a mabawuti a hedi akugwirizana ndithu, tayesa kuikhazika. Ford yomwe inachitapo zofanana pa injini ya Boss 302 ya 1969 ndi 1970.

Chikundisowetsa tulo ndi madzi. Pa Windsor amatulukira ku manifodi, komwe kuli thermostat, pomwe pa Cleveland amabwerera m'buloko. Ndiye tiboole hedi pati, titseke bowo liti? Gasiketi yake tigule ya injini iti?

Chinanso, mahediwa ndi a 4V (a kabuleta ya mabowo anayi), makomo ake olowera mpweya aakulu mpaka zala zitatu kulowa. Pampikisano ndi abwino, koma galimotoyi ndi yoyendera m'tauni Lamlungu. Ine ndikuona ngati a 2V, a makomo ocheperako, akanatha bwino, mwina ndikunama. Nanga mapisitoni tisinthe kuti mavavu asagunde? Manifodi yolumikiza ziwirizi imapezeka kuno, kapena mpaka kuitanitsa ku America?