Kodi mutu wa thiraki ungakoke thirela yopitirira kulemera kolembedwa pa chitsulo chake?

Wa ku Lizulu:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene mwakhalitsa pa ntchito yamtengatenga. Ndili ndi mutu wa thiraki wa ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri) imodzi kumbuyo, ndipo ndimaukoketsa thirela ya maekiselo atatu. Chitsulo cha kufakitale chimene chili pa chitseko chikunena kuti mutu, thirela ndi katundu zonse pamodzi zisapitirire matani 40, pamene mutu ndi thirela zikakhala zopanda kanthu zimalemera matani 14. Tsopano ndapeza kasitomala amene akufuna kuti ndimutengere matumba 600 a chimanga, a makilogalamu 50 lililonse, kuchoka kuno kupita ku Blantyre pa ulendo umodzi. Ndikawerengera, ndipitirira ndi matani 4. Injini ndi yamphamvu ndipo sinandivutitsepo pa chitunda. Kodi matani 4 amenewa ndi oopsadi, kapena opanga galimoto amangosiya mpata wochuluka?

Makaniko wa ku Dedza:
Bambo, mwayang'ana injini, koma vuto lanu silili ku injini. Injini ikhoza kukoka zoposa pamenepo, kungoti imwa dizilo wambiri ndi kutentha. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi chimbale chimene thirela imakhalirapo, chija timachitcha fifth wheel. Thirela yamtunduwu ilibe matayala kutsogolo, choncho gawo lalikulu la katundu limatsikira pa msomali wolumikizira, kenako pa chimbalecho, n'kukathera pa ekiselo yanu imodzi ija. Malire amene mayiko a m'chigawo chino anagwirizana ndi matani 10 pa ekiselo imodzi ya matayala anayi, matani 18 pa maekiselo awiri ogundizana, ndi matani 24 pa atatu. Matani 56 amene madalaivala amakonda kutchula ngati malire a kulemera konse pamodzi ndi a galimoto za maekiselo ambiri, osati yanuyo. Anyamata onyamula akaunjika matumba kutsogolo kwa thirela, monga amachitira akatopa, ekiselo yakumbuyo kwa mutu imapitirira malire ngakhale katundu yense atakhala wochepa. Ine ndasinthapo masipuling'i othyoka ndi maberingi opsa pa galimoto zotere kambirimbiri, ndipo mwini wake aliyense amabwera akunena kuti injini inalibe vuto.

Dalaivala wopuma wa ku Ntcheu:
Ndikugwirizana ndi amakaniko, koma ndiwonjezere za msewu, poti M1 ndayendamo zaka zambiri. Boma la Dedza lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Balaka sifika mamita 700, ndiye kuti ulendo wanu ndi wotsetsereka kwambiri kuposa wokwera. Pa mtsetse wautali mabuleki amatentha, ndipo akatentha mopitirira mumaponda koma galimoto osamva. Tsiku lina ndinavomera kunyamula feteleza wopitirira chifukwa choopa abwana, ndipo ndikutsika ndinamva fungo la mabuleki, thirela ikukankha mutu kuchokera kumbuyo. Chinandipulumutsa n'chakuti ndinali nditalowetsa kale giya yaikulu, ija yoyendera pang'onopang'ono, ndisanayambe kutsika. Kukanakhala kuti kunagwa mvula, mutu ndi thirela zikanapindana pakati pa msewu. Kumbukiraninso kuti inu mukuyambira pa Lizulu, ndipo mudutsa pa Mlangeni, pa Tsangano ndi pa Kampepuza, malo amene amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi, ana ndi akabaza amakhala m'mphepete mwenimweni mwa phula. Galimoto yolemera mopitirira siima pamene mwaiuza kuti iime.

Wa ku Bembeke:
Achimwene, musaiwale kuti ku Balaka kuli sikelo. Kumeneko amayeza ekiselo iliyonse payokha, ndipo mukapezeka mwapitirira mulipira chindapusa ndi kutsitsa katundu wapamwambayo, phindu lonse la matumba 80 opitirirawo n'kuthera pomwepo. Komanso matumba a mavenda sakhala makilogalamu 50 enieni nthawi zonse, ena amapitirira, moti matani 4 anuwo akhoza kukhala 5. Ngozi itachitika, a inshuwalansi akhozanso kukana kulipira akaona kuti munaphwanya malire a galimoto.

Wa ku Lizulu:
Zikomo kwambiri nonse. Za ekiselo yakumbuyo sindinaziganizirepo, ndinkangowerengera kulemera konse pamodzi. Ndamuuza kasitomalayo kuti ndinyamula matumba 500 okha, ndipo 100 otsalawo tawapezera lole yaing'ono ya mlamu wanga. Amakaniko, ngati muli ndi mpata Loweruka ndibweretsa mutuwu ku Dedza kuti mudzandionere chimbale chija, chifukwa masiku ano chikumagogoda ndikamanyamuka.