Kodi masiku anatha kuti zonse ziunjikane pa 21 Marichi?

Make_Chisomo analemba:

Abale, ndithandizeni kumvetsa. Mwana wanga wachiwiri anabadwa ndi Down syndrome, ndiye 21 Marichi, tsiku loganizira anthu otere padziko lonse, ndi tsiku limene ndimalidikirira chaka chonse. Pakhomo pathu tonse timavala masokosi osiyana, phazi ili lofiira, ili la mizeremizere, kuti munthu akatiseka kapena kutifunsa tipeze poyambira nkhani. Koma chaka chino ndinamvera wailesi mmawa wonse: lero ndi tsiku la nkhalango, lero ndi tsiku la ndakatulo, lero ndi tsiku lothana ndi tsankho, lero Namibia ikukondwerera ufulu. Za ana athu anangozitchula chakumapeto, muulutsi ali pachangu kuti aike nyimbo. Zinandiwawa kwambiri.

Tsiku lathuli silinangotoledwa. Anthu ambiri ali ndi ma chromosome 46 (tinthu ta m'maselo a thupi tonyamula zimene timatengera kwa makolo), koma ana ngati wanga ali ndi 47, chifukwa chromosome ya nambala 21 imakhala itatu m'malo mwa iwiri. N'chifukwa chake anasankha tsiku la 21 la mwezi wachitatu. Nanga enawa bwanji? Amagawa masikuwa ndani, ndipo sangawasunthireko kwina?

Mphunzitsi_Wopuma anayankha:

Mayi, pepani, dandaulo lanu ndi lomveka. Vuto ndi lakuti palibe ofesi imodzi yosunga kalendala ya dziko lonse. Msonkhano waukulu wa United Nations umakhazikitsa masiku ake, UNESCO (nthambi yake ya maphunziro ndi chikhalidwe) ake, boma lililonse akenso, ndipo palibe amene amafunsa mnzake ngati tsikulo lili kale ndi mwini.

Tiwone zaka. Tsiku lothana ndi kusankhana mitundu United Nations inalikhazikitsa mu 1966. La ndakatulo ndi la UNESCO, 1999. Lanu mabungwe a makolo ndi anzawo anayamba kulikumbukira mu 2006, United Nations n'kulivomereza mu Disembala 2011. La nkhalango linavomerezedwa mu 2012, ngakhale FAO, nthambi ya United Nations ya chakudya ndi ulimi, inali italiyamba kale mu 1971. Ndiye mukati enawo asamuke, ena a iwo angakuyankheni kuti munawapeza alipo.

Chimene chimakokera zinthu pa tsikuli ndi dzuwa. Pa 20 kapena 21 Marichi usana ndi usiku zimatalika mofanana, ndipo kumayiko a kumpoto chisanu chimakhala chikutha, mitengo ikuyamba kuphukira. Kwa iwo ndi chiyambi cha chaka cha zomera, choncho akafuna tsiku la mitengo amathamangira pomwepo. Ine maganizo anga, la nkhalango ndi la ndakatulo akanatha kuwaika pena paliponse osataya kanthu, chifukwa palibe chimene chinachitika pa 21 Marichi chowamangirira pamenepo. Lanu ayi, silingasunthe.

Achimwene_aku_Johannesburg anayankha:

Achemwali, la tsankholo nalo silingasunthe, ndipo ndiloleni ndilankhulepo pang'ono, poti kuno ku South Africa tsikuli ndi tchuthi, amalitcha Human Rights Day.

Kale munthu wakuda kuno sankayenda wopanda pasi, kabuku kosonyeza kumene waloledwa kukhala ndi kugwira ntchito. Wapolisi akakuimitsa ulibe, unkagona m'chitokosi. Chipani cha PAC, motsogozedwa ndi Robert Sobukwe, chinauza anthu kuti Lolemba pa 21 Marichi 1960 asiye mapasi kunyumba, apite okha kupolisi akanene kuti timangeni. Ku Sharpeville, pafupi ndi Vereeniging, khamu la anthu zikwizikwi linaima kunja kwa mpanda wa polisi lopanda mfuti. Masana apolisi anayamba kuwombera. Chiwerengero chimene chinalengezedwa ndi anthu 69 ophedwa ndi pafupifupi 180 ovulala, ndipo ambiri zipolopolo zinawalowa kumsana, kusonyeza kuti ankathawa. Munali amayi, munali ana. Patangopita masabata ochepa boma linaletsa zipani zolimbana ndi tsankho za ANC ndi PAC.

Ndinafikako kumanda a Phelindaba kumene anawaika. Manda ake ali pamzere umodzi wautali, ndipo ukamayenda n'kumawerenga miyalayo, tsiku lomwalira ndi lomwelo, lomwelo, mpaka kumapeto. Miyendo inandilemera.

Tsiku lomweli linabwerezanso magazi mu 1985 ku Langa, pafupi ndi Uitenhage, apolisi atawombera anthu opita kumaliro n'kupha osachepera 20. Ndiye Namibia, imene inkalamulidwa ndi boma lomwelo la tsankho, inalandira ufulu pa 21 Marichi 1990, zaka 30 ndendende chichitikireni za ku Sharpeville. Sam Nujoma analumbiritsidwa ku Windhoek ndi mlembi wamkulu wa United Nations, Javier Pérez de Cuéllar, ndipo Nelson Mandela analipo, atangotuluka m'ndende mwezi wapitawo. Choncho tsiku la tsankho, tchuthi cha kuno ndi ufulu wa Namibia si zinthu zitatu zolimbirana malo, ndi mtsinje umodzi.

Ndipo achemwali, kusalidwa chifukwa cha mmene unabadwira, si zomwezo zimene mwana wanu amakumana nazo? Ine ndikuona kuti muulutsi wanzeru akanaziika nkhani ziwirizi pamodzi.

Nangozo_T anayankha:

Ndiwonjezereko ziwiri zimene simunazitchule. Mwini tsiku weniweni ndi Nowruz, chaka chatsopano cha anthu a ku Iran, Afghanistan, Tajikistan, Kazakhstan ndi Akurdi. Achita mwambowu kwa zaka zoposa 3,000, United Nations inangouvomereza mu 2010. Mnzanga wa kuntchito wochokera ku Iran anandionetsa tebulo limene amayala: mbale ya tirigu womera wobiriwira, apulo, adyo, viniga ndi zina, zonse pamodzi zisanu ndi ziwiri, galasi loyang'anira ndi mazira opaka utoto pambali. Amadikirira mphindi yeniyeni imene nyengo ikusintha, kaya ndi pakati pa usiku, kenaka n'kuyamba kuyendera akuluakulu.

Chinanso, Make Chisomo, ku Egypt 21 Marichi ndi tsiku la anakubala kuyambira 1956, ndipo Jordan, Lebanon ndi mayiko ena a Aluya amatsatira zomwezo. Kumeneko bwenzi mukulandira mphatso inuyo.

Make_Chisomo anayankhanso:

Zikomo nonse. Achimwene, za Sharpeville ndinkangomva dzina, za manda a pamzerezo ndaziwerenga misozi ili m'maso. Amenewo sindingawauze kuti asamuke. Aphunzitsi, pa mitengo ndi ndakatulo ndili nanu, mtima wanga sunasinthe.

Koma zoziika pamodzi zija, achimwene, ndikukana pang'ono. Nkhani ya ana athu ikangolowa m'thumba la tsankho, zimene kholo latsopano liyenera kumva zimasowa. Pafupifupi theka la ana obadwa ndi Down syndrome amakhala ndi vuto la mtima, ndiye mwana ayenera kupimidwa mtima akadali wakhanda, osadikira kuti ayambe kubanika poyamwa. Makutu, maso ndi chithokomiro nazo zimafunika kupimidwa kawirikawiri. Amachedwa kukhala, kukwawa ndi kulankhula, koma amaphunzira. Wanga amavala yekha, amawerenga dzina lake, ndipo salola munthu kutuluka m'nyumba osamutsanzika. Mayi amene wangobereka mwana wotere, achibale akumunong'oneza kuti analakwa penapake, ayenera kumva pawailesi kuti si tsoka, si zamatsenga, si mlandu wake. Zimenezi sizingakwane m'chiganizo chimodzi chotsekera nkhani.

Ndiye funso langa lasintha. Alipo pano amene anagwirapo ntchito kuwailesi? Kuti makolo tipatsidwe mphindi khumi zathuzathu pa 21 Marichi, tilembere ndani, mkonzi wa nkhani kapena woyang'anira mapulogalamu, ndipo kalatayo ifike mwezi uti kuti asanene kuti ndandanda yadzaza kale?