Kodi mbewa nazo zimaiwala zikalandira kemo?

Nachisale

Ndinamaliza kemo ya khansa ya m'mawere miyezi 14 yapitayo. Tsitsi linamera, mphamvu zinabwerera, koma mutu wanga sunabwererebe. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo kale manambala ankangokhala m'mutu osawalemba. Sabata yatha ndinaima pakhomo makiyi ali m'manja, ndikusakasaka dzina la chinthu chimene ndagwiracho. Ndinkadziwa kuti n'chotsegulira chitseko, koma mawu akuti kiyi anakaniratu kubwera. Ndikamawerenga ndime, pofika kumapeto chiyambi chathawa kale.

Dokotala wina nditamuuza anati ndi nkhawa chabe, ndizigona mokwanira. Zinandiwawa, chifukwa nkhawa ndimaidziwa ndipo izi n'zina. Mwana wanga akuti asayansi anayesa zimenezi pa mbewa. Nanga mbewa ungaidziwe bwanji kuti yaiwala, poti siyankhula? Ndipo anapeza chiyani?

WakuLabu

Pepani kwambiri mayi. Ndagwirapo ntchito ndi mbewa za kafukufuku, ndiye ndikufotokozereni mmene timazifunsira. Timaika mbewa m'bokosi momwe muli tinthu tiwiri tofanana, tinene timabotolo. Imatinunkhiza tonse, kenako timaichotsa. Pakapita nthawi timaibwezera titachotsa kabotolo kamodzi n'kuikapo kanthu kena. Mbewa yabwinobwino imathamangira kachilendoko, kukazungulira, kukakanda, ndevu zikugwedera, pomwe kakale kaja ilibe nako ntchito poti ikukakumbukira. Imene yaiwala imanunkhiza tonse mofanana, ngati ikutiona koyamba. Ife timangowerenga masekondi. Palinso dziwe la madzi otuwa lomwe Richard Morris anayambitsa m'ma 1980, momwe nyama imayenera kukumbukira pamene pabisika poponda.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mbewa zambiri zoyeserazi zilibe n'komwe khansa, ndipo sizigona zikuganiza za imfa kapena za ana. Zikaiwala, simunganene kuti ndi nkhawa.

Mu 2006 gulu la Gordon Winocur ku Toronto linaona mbewa zolandira mankhwala a kemo otchedwa methotrexate ndi 5-fluorouracil zikulephera mayeso oterewa. Mu 2008 a Mark Noble ndi anzawo ku Rochester anapeza kuti 5-fluorouracil amawononga myelin, chikuto cha minyewa chomwe chili ngati pulasitiki wokutira waya wamagetsi, ndipo kuwonongekako kunkaipiraipira patapita miyezi mankhwala atasiyidwa. Kenako mu 2018 labu ya Michelle Monje ku Stanford inaonetsa kuti methotrexate amautsa microglia, maselo oteteza ubongo, ndipo amakhalabe olusa kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, n'kumasokoneza maselo opanga myelin. Atawachepetsa maselo olusawo ndi mankhwala ena, mbewa zinayambanso kukhoza mayeso.

NesiWapaWodi

Zonsezi n'zoona, ndipo dokotala uja sanakuyankheni bwino. Komabe achemwali, mbewa si munthu. Zoyeserazo nthawi zambiri zimakhala zazing'ono, zathanzi, zambiri zazimuna, ndipo zimapatsidwa mankhwala amodzi kapena awiri. Inu munachitidwa mwina opaleshoni, munalandira mankhwala angapo, ndipo khansa payokha imatha kusokoneza maganizo chithandizo chisanayambe n'komwe.

Donepezil, mankhwala a matenda a Alzheimer, anathandiza mbewa za a Winocur. Atawayesa ku America pa amayi amene analandirapo kemo ya khansa ya m'mawere, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2024 zinaonetsa kuti sanapose mapiritsi opanda mankhwala. Choncho mukamva kuti fluoxetine, mankhwala a matenda ovutika maganizo, anathandiza makoswe ku Nottingham kapena metformin, mankhwala a shuga, anateteza mbewa ku Houston, chonde musakagule. Pemphani kaye akuyezeni kuchuluka kwa magazi ndi chithokomiro, muwauzenso mmene mukugonera, ngati msambo unasiya, ndi mapiritsi a mahomoni ngati mukumwa. Zimenezi zimachititsanso chifunga m'mutu, ndipo zina zimachizika.

Nachisale

Zikomo nonse. Pamene mwanena kuti mbewa sizigona zikuganiza za ana ndalira, chifukwa miyezi yonseyi ndimadziimba mlandu kuti ndikungofooka mtima. Koma mankhwala mwatchulawo si amene ndinalandira. Anga anali doxorubicin, ofiira aja oti ukangowaona akulowa mumtsempha mseru wayamba, ndi cyclophosphamide. Mapiritsi a mahomoni aja, tamoxifen, ndikumwabe.

WakuLabu

Ofiirawo nkhani yake ndi yodabwitsa, mayi. Doxorubicin salowa kwenikweni mu ubongo, amatsekeredwa kunja ndi mpanda umene umasefa zochokera m'magazi. Ofufuza a ku Kentucky anapeza pa mbewa kuti mankhwalawa amachulukitsa m'magazi puloteni yoyambitsa kutupa yotchedwa TNF-alpha, ndipo iyoyo ndi imene imafika ku ubongo n'kuvulaza mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'maselo. Pa makoswe, mankhwala anu a kemo awiriwo anapezekanso kuti amachepetsa kubadwa kwa maselo atsopano mu hippocampus, gawo losunga zimene tangophunzira.

A Nesi akunena zoona pa mapiritsi. Chimodzi chokha ndingawonjezere: makoswe olandira kemo amene anawaikira gudumu lothamangamo, ku Sydney mu 2012 ndi ku Toronto mu 2014, anakumbukira bwino kuposa anzawo ongokhala. Pa anthu umboni wake sunalimbe choncho, koma kuyenda ndawala dokotala atavomereza kuli ndi maphindu ena odziwika kale kwa amene anadwalapo khansa.

Nachisale

Ndalemba papepala magazi, chithokomiro, tulo ndi tamoxifen, ndipo pepalalo ndaliika m'chikwama pamodzi ndi khadi la kuchipatala kuti ndisalisiye Lachinayi. Amuna anga avomera kuti tiziyenda limodzi m'mawa, ndipo akuti abwera nane kwa dokotala kuti akafotokoze okha za makiyi aja.