Hositelo, chidikiro kapena polisi: timange tokha kapena tidikire CDF?

Wapampando (Lilongwe): Moni nonse akwathu. Nkhani ija tinaisiya panjira pa msonkhano wa pa Khirisimasi yafika poti tiimalize. Ndalama zomwe takhala tikusonkha zili ku banki, uvuni wa njerwa unapsa kale kuseri kwa sukulu, koma mpaka lero sitinamvane chomanga. Maganizo alipo atatu: hositelo ya atsikana pa sekondale yathu yoyendera, chidikiro cha amayi oyembekezera pa chipatala chaching'ono, ndi kaofesi ka polisi pamsika. Tsono ena akuti tisagwire kaye khasu, tidikire K5 biliyoni ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu, yomwe a Pulezidenti Mutharika analonjeza dera lililonse. Yankhulani, koma za chipani zitsale panja.

Malume (Johannesburg): Zodikirazo ndinayambitsa ndine, sindikubisa. Marandi omwe timatumizawa timawapeza titachezera usiku wonse pa geti ya eni ake. Ngati boma likubweretsa ndalama zochuluka chonchi, tiwonongerenji zathu? Tipite tikawaone olemekezeka a phungu atiike pa mndandanda, zathuzi tidzagulire mabedi ndi matiresi.

Mlembi: Malume, khomo limenelo silikutseguka ngati kale. Mu Meyi 2025 khoti lalikulu, litakhala ngati khoti lomasulira malamulo oyendetsera dziko, linagamula mlandu womwe bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma. Linati ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondola momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama, osati kuyendetsa CDF kapena kuponya voti mu khonsolo. Aphungu sizinawasangalatse. Mu Disembala anavomereza bilu yosintha malamulo aakuluwo kuti CDF ilembedwemo, iwo dzanja lawo lisachoke. Mu Januwale 2026 a Pulezidenti anakana kuisainira. Ndiye pempho lathu liyenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), lipite ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), kenako ku khonsolo.

Malume (Johannesburg): Aaa, ndiye mukutanthauza kuti khansala wathu uja woyenda pa njinga yakapalasa ndi amene agwire mabiliyoni?

Aphunzitsi opuma: Achimwene, musamuseke khansala chifukwa cha njinga. Ife akale timakumbuka. Lamulo la maboma aang'ono ndi la 1998, makhansala tinawasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda khansala mpaka 2014. CDF inayamba mu 2006, m'kati mwa mpata umenewo, ndipo mu 2010 aphungu anapatsidwa voti mu khonsolo. N'chifukwa chake mwana aliyense anakula akudziwa kuti mjigo ndi mlatho zimachokera kwa phungu. Ndalamazo khansala sazisunga m'thumba, zimadutsa ku akaunti ya khonsolo.

Koma ine mtima wanga uli pa hositelo. Pitani mukaone komwe atsikana athu a kutsidya kwa mtsinje akugona. Amachita lendi timazipinda ta kuseri kwa chigayo, atatu kapena anayi m'kachipinda kamodzi, chitseko chomangira waya, mbaula ili pomwepo pafupi ndi mphasa, ndipo mpanda umodzi n'kufika pa bala. Ufa ukawathera pakati pa mwezi, amene amawagulira ndiwo timawadziwa tonse. Chaka ndi chaka fomu 2 imatha ena atapita. Malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa mu 2017 kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, koma lamulo silitseka chitseko cha waya usiku. Sekondale za boma zinayamba kukhala zaulere mu Januwale 2026, ana achuluka, zipinda za lendizo zidzadza kuposa kale.

Msungichuma: Aphunzitsi, zonse mwanenazo n'zoona, koma ndiloleni ndikhale woipa wa gulu. Ulere wa sekondale sunakhudze ndalama ya chigonero, imeneyo makolo akulipirabe. Tikamanga hositelo, ndani azilipira mayi woyang'anira atsikanawo, mlonda, wophika? Chimanga ndi nyemba zizichokera kuti? Makolo omwe akulephera lendi ya kachipinda ka kuseri kwa chigayo ndi omwewo tidzawauze kuti alipire chigonero. Chachiwiri, ndipo ichi chindiwawa ine ndemwe chifukwa ndinasenza nawo nkhuni: kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga salola njerwa zootcha pa nyumba za boma monga sukulu ndi zipatala. Amafuna mabuloko a simenti kapena njerwa zopanikiza zija. Uvuni wathu uja ukhoza kukanidwa.

Azakhali (Leeds): Mayo ine! Ndiye mitengo yonse ija tinagwetsa pachabe? Bwanji simunanene tisanaotche?

Msungichuma: Ndinanena, azakhali, pa msonkhano wa mu Ogasiti. Uthenga wanga unakwiririka ndi zithunzi za chinkhoswe.

Anamwino (Blantyre): Ndiyankhuleko za chidikiro, poti ntchito yanga ndi yomweyi. Chiyambire pomwe boma linaletsa azamba mu 2007, mafumu ambiri anaika chindapusa cha mbuzi kwa mayi wochirira pakhomo. Chabwino, mayi tamukakamiza kupita kuchipatala, nanga akafika agona pati? Kwathu amagona pakhonde la chipinda choyezera sikelo. Ndinapita mwezi watha kukaona mlamu wanga: amayi asanu ndi mmodzi pakhonde, zitenje atazimanga pa mzati kutchinga mphepo, aperekezi akuphika pa mafuwa pansi pa mtengo wa mango, mvula ikabwera moto n'kuzima. Ena amaona zimenezo n'kubwerera kunyumba kukadikira matenda ayambe, ndiye mtsinje ukadzaza n'kuchirira m'ngolo.

Ubwino wa chidikiro ndi woti sichifuna wantchito watsopano. Anamwino alipo kale, alangizi a zaumoyo alipo, komiti ya chipatala ilipo. Chikufunika ndi zipinda ziwiri, khitchini, bafa ndi zimbudzi. Ndalama zathu zikhoza kufika mpaka padenga. Hositelo ya ana 80, ndalama zathu zithera pa mawindo.

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga, mayi amadikira milungu iwiri kapena itatu. Mtsikana amadikira zaka zinayi.

Anamwino (Blantyre): Zoona bambo, koma milungu iwiriyo ndi imene timaikira anthu m'manda.

Wa achinyamata (kumudzi): Akuluakulu, inu mukuyankhula muli m'tauni. Ife kuno sitikugona. Mbuzi zikupita usiku uliwonse, njinga zamoto za kabaza akulanda pa dambo paja. Mwezi watha anyamata anagwira wina ali ndi mbuzi ziwiri m'thumba, pakanapanda a gulupu kufika msanga bwenzi tikunena zina, petulo anali atagulidwa kale. Polisi ili kutali, ukaimba foni amati galimoto ilibe mafuta. Tikamupititsa tokha wakubayo, mawa lake timakumana naye pamsika akudya chiwaya. Timange polisi basi.

Mdzukulu wa zamalamulo (Zomba): Achimwene, mkwiyo wanu ndikuumva, koma kutuluka kwa munthuyo si chizindikiro choti mlandu wathera pomwepo. Malamulo oyendetsera dziko amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, apo ayi atulutsidwe, ndipo belo ya ku polisi ndi yaulere. Milandu yambiri ya mbuzi imafa chifukwa mwini mbuzi ndi mboni sapita kukhoti tsiku likafika, poti thiransipoti yopita kuboma imaposa mtengo wa mbuziyo. Ndipo mukamuotcha munthu, mlandu wakupha umagwera inu.

Za kaofesiko, nyumba yokha sibweretsa wapolisi. Amatumiza ndi akuluakulu a polisi, ndipo funso lawo loyamba lidzakhala la nyumba zogona apolisiwo ndi chitolokosi chovomerezeka. Tisanaumbe buloko ngakhale imodzi tipeze kalata yoti adzatumiza anthu. Kupanda apo tidzamangira mileme. China chomwe tingapemphe osawononga ndalama: kuyambira 2000 makhoti amatha kulamula wolakwa milandu ing'onoing'ono kugwira ntchito yothandiza anthu m'malo mopita kundende. Chipatala chathu ndi sukulu zitha kulembetsa kuti zizilandira anthu otere, azilambula ndi kukumba maenje a zimbudzi anthu akuona.

Wa achinyamata (kumudzi): Wakuba mbuzi azikasesa pomwe pagona akazi athu? Ayi zikomo.

Mdzukulu wa zamalamulo (Zomba): Ndiye apite kusukulu kapena kumsewu. Amasankha malo ndi khoti, si ife.

Malume (Johannesburg): Mukundisokoneza mutu tsopano. Funso langa silinayankhidwe. Madera alipo 229, lililonse K5 biliyoni. Chaka cha 2024 inali K200 miliyoni yokha. Pa ndalama zoterozo hositelo, chidikiro ndi polisi zonse zikwana, chenji n'kutsala. Tikuthamangira chiyani?

Mlembi: Malume, dera si mudzi wathu wokha. Muli ma T/A angapo, ma VDC ambirimbiri, aliyense ali ndi mlatho wake womwe unakokoloka. Ndalama yolonjezedwa iyenera kudutsa mu bajeti, kenako nthambi yosunga chuma cha boma (Treasury) iitulutse, ndipo makhonsolo akhala akudandaula zaka zambiri kuti ndalama zimafika mochedwa kapena zoperewera. Komanso nkhondo ya aphungu ndi makhansala sinathe, ndondomeko zatsopano zoyendetsera thumbali ndi zomwe zidzanene kuti wosankha ntchito ndani. Maganizo anga ndi awa: chachikulu, chomwe sitingachithe tokha, tichikankhire ku CDF kudzera ku ADC, ndiye hositelo. Chaching'ono timange tokha, ndiye chidikiro.

Aphunzitsi opuma: Ndiye atsikana anga mwawaika pa mzere wa lonjezo, amayi mwawapatsa ndalama yogwirika. Ndamva. Koma ngati zili choncho ndikufuna zilembedwe mu maminitsi a ADC, tsiku ndi siginecha, osati pakamwa. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, tili ndi ufulu wolemba kalata kukhonsolo kufunsa mndandanda wa ntchito zovomerezedwa ndi mtengo wake. Kalatayo ndidzalemba ndine, miyezi itatu iliyonse, mpaka adzatope nane.

Nthumwi ya a gulupu: Zikomo a wapampando. A gulupu andituma ndinene ziwiri. Malo a kumadzulo kwa chipatala omwe mukuwaloza a chidikiro ali ndi eni ake, banja lina limalimapo mbatata chiyambire makolo awo. Avomera kupereka, koma akuti pakhale chikalata chosainidwa pamaso pa a T/A, chifukwa za pakamwa zinawapweteka kale pa malo a msika. Chachiwiri, anthu a kumudzi akufunsa za njerwa zawo. Anaponda dothi miyezi iwiri, ena anasiya dimba. Mukawauza kuti njerwazo n'zoletsedwa popanda kunena kopita nazo, tsiku lotuta mchenga simudzaona munthu.

Msungichuma: Njerwazo tigulitse kwa omanga nyumba zawo pa tawuni yathu, ndalama yake tigulire simenti ndi kubwereka chikombole cha mabuloko. Amene anaumba aja tiwalembe ganyu youmba mabulokowo, alandireko kangachepe.

Azakhali (Leeds): Ine ndikuvomera chidikiro, koma pulani ichokere ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo, ndipo a zaumoyo kuboma asainire kuti adzachilandira. Ndalama yanga siipita kwa kontilakitala wosankhidwa pa maliro. Makoteshoni atatu, aikidwe pano tonse tione.

Wa achinyamata (kumudzi): Nanga ife a mbuzi mwatisiya pati?

Wapampando (Lilongwe): Sitinakusiyeni. A mdzukulu alembe kalata yopempha apolisi kuti adzakumane ndi komiti ya chitetezo cha m'mudzi, nkhani ya kaofesi ikayambire pamenepo. Mavoti a chidikiro kapena hositelo atsegulidwa tsopano mpaka Lachisanu 8 koloko usiku, aliyense voti imodzi, amene sanamalize zopereka za chaka chatha aonane kaye ndi msungichuma. A mlembi ndi aphunzitsi adzatiimirira ku msonkhano wa ADC ukubwerawu.

Malume (Johannesburg): Ndavota chidikiro. Koma olemekezeka ndiwaimbirabe foni Lamlungu, nambala yawo ndili nayo.

Aphunzitsi opuma: Aimbireni, muwauzenso kuti ku ADC ndikubwera ndi mayina a atsikana onse a kuseri kwa chigayo.