Absorbance ikupitirira 2 poyeza phosphorus m'dothi la ku Bembeke

Wa mu labu, Dedza:
Akuluakulu, tithandizeni. Tikuyeza phosphorus m'dothi la minda ya kachewere ya ku Bembeke, njira ya molybdenum blue (mankhwala amasandutsa sampulo kukhala ya buluu malinga ndi kuchuluka kwa phosphorus), pa makina oyeza ndi kuwala kwa 880 nm. Masampulo ena absorbance (nambala yosonyeza kuwala komwe sampulo yamwa) ikufika 2.3, komanso sampulo imodzimodziyo ikupereka nambala ina m'mawa, ina masana. Kodi makina afa?

Mphunzitsi wa chemistry, Ntcheu:
Achimwene, makinawo ali bwinobwino. Absorbance ikakhala 1, kuwala kodutsa mu cuvette (kabotolo koikamo sampulo m'makina) ndi 10 peresenti. Ikafika 2 kwatsala 1 peresenti yokha. Pamenepo kakuwala kalikonse kosochera m'kati mwa makina kamasokoneza nambala, ndipo mzere wa lamulo la Beer-Lambert (loti absorbance imakwera molingana ndi kuchuluka kwa chomwe mukuyeza) umapindika. Muzisewera pakati pa 0.2 ndi 0.8.

Minda ya kachewere imadya feteleza wokulitsa chaka ndi chaka, ndiye phosphorus kuchuluka si zachilendo. Tengani 1 mL ya madzi amene mwasefa m'dothiwo, onjezerani 9 mL ya mankhwala omwewo amene munaviikira dothi, kenako thirani otulutsa mtundu. Yankho muchulukitse ndi 10. Osathira madzi pamene mtundu wa buluu watuluka kale, chifukwa ngati mankhwala anachepera, phosphorus wina sanagwidwe n'komwe.

Woyeza nthaka, Lizulu:
Za m'mawa ndi masanazo, yang'anani nthawi ndi kuzizira. Ku Dedza mu June mtundu umachedwa kukhwima m'mawa. Sankhani nthawi imodzi, tinene mphindi 20 mutathira mankhwala, ndipo ma standard (madzi a phosphorus wodziwika kale kuchuluka kwake) ndi masampulo aziwerengedwa pa mphindi zomwezo. Mankhwala osakaniza ndi ascorbic acid amatha mphamvu pakadutsa maola anayi, ndiye a m'mawa musagwiritsenso masana. Nyale ya makina iyambe yatentha mphindi 20, ndipo magetsi akathima n'kubwera, blank (mankhwala okhaokha opanda dothi) muyikenso.

Chinanso ndi katondo. Kwezani cuvette pa windo: mukaona kachifunga, dongo ladutsa pa pepala, ndipo likumwaza kuwala ngati kuti phosphorus ndi amene wamwa kuwalako. Sefaninso ndi pepala losefera la Whatman 42. Cuvette muzigwira mbali zosawala, mbali zowalazo muzipukuta.

Mayi wa labu ya madzi:
Blank yanu ikuoneka bwanji, bambo? Ikachita kabuluu, wolakwa ndi sopo, popeza ena ali ndi phosphate. Magalasi muzitsuka ndi hydrochloric acid wosungunula, n'kutsukuluza ndi madzi a distilled. Pa ma standard, 0.4394 g ya KH₂PO₄ youma mu lita imodzi imapereka 100 mg/L ya phosphorus. Kuchokera apo pangani 0.2, 0.4, 0.6, 0.8 ndi 1.0 mg/L tsiku lomwelo loyeza.