Funso pa mapiritsi a ma antioxidant kwa wodwala kapamba

Abale, thandizeni maganizo. Bambo anga ali ndi chronic pancreatitis, kutupa kwa kapamba kosatherapo. Mowa anasiya, Creon (mankhwala othandiza kugaya chakudya) amamwa pachakudya chilichonse, koma akangolawa chamafuta, ngakhale kachitumbuwa kamodzi, ululu umachoka pachifu n'kukalasa kumsana. Usiku amagona chokhala, atapindira kutsogolo atakumbatira pilo.

Mlamu wanga ku Johannesburg akufuna kuwatumizira mapiritsi a ma antioxidant (zinthu zoteteza maselo a thupi kuti asawonongeke) osakaniza selenium, methionine, beta-carotene ndi mavitamini C ndi E. Akuti amachepetsako ululu. Ine mtima ukukayika, chifukwa beta-carotene amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mapapo kwa osuta, ndipo akuluwa fodya amabera kuseri kwa khola.

Alipo amene anamwapo? Munaona kusintha patapita miyezi ingati? Lachinayi tikukaonana ndi adokotala, ndikawafunse chiyani?